Galu Amene Analuma Amalume Anu

Ana anga, za ubwana wanga ndazidumpha dala chifukwa palibe chimene mungatolepo. Ndinaweta mbuzi, sukulu ndinalekezera Sitandade 3, ndinakula ndikulima fodya wa eni ake. Mbiri yanga yeniyeni ikuyambira tsiku limene ndinavala ovolosi ya boma. Ndikulemba ndekha ndi dzanja langali, ndipo pamene chilembo chapotoka muwongole nokha, ndinu ophunzira. Koma nkhaniyo musaiwongole, ili m'malo mwake. Ine ndine Lazaro Phiri, amene alimi a ng'ombe kuyambira ku Mavwere mpaka kumalire ankanditchula kuti a Mkuzamawu.

Chaka cha referendamu, 1993

Ntchito ndinaipeza ndi pakamwa. Mmawa wina ndinapita ndi ng'ombe za apongozi anga ku dibi la kufupi ndi Guilleme, kumene ziweto zinkasambira mankhwala opha nkhupakupa. Ng'ombe za munthu wina zinakana kulumphira m'madzi, zinatseka mpata wonse, eni ake akukwapula ndi zikoti koma osatheka. Ine ndinaima kumbuyo n'kukuwa kamodzi kokha. Zonse zinagwera m'dibimo, ndi zomwe nthawi yake inali isanakwane. Pambali panaima bambo wamtali wa magalasi, atavala jombo zoyera. Amenewo anali a Msiska, mlangizi wa ziweto, kwawo ku Rumphi, munthu woyankhula motsitsa moti unkachita kupendeketsa khutu kuti umve. Anandikodola nati, "Bambo, mawu amenewa kunyumba mumagwira nawo ntchito yanji?" Ndinati, "Kuitanira ana, bwana." Iwo anati, "Mukungowawononga. Mubwere Lolemba." Kulembedwa kwanga kunali komweko.

Pa dibi ndinkatakasa mankhwala, kuchotsa matope, ndi kugwetsa nkhunzi zofuna kuthenedwa. Kugwetsa nkhunzi si nkhani ya mphamvu zokha, ndi chingwe ndi kapondedwe ka phazi, ndipo ine sindinaphonyepo. A Msiska ataona kuti dzanja langa silinjenjemera anandiphunzitsa kuthena. Ng'ombe ndi mbuzi tinkathena ndi chitsulo chonga pulayala yaikulu, nkhumba ndi agalu tinkagwiritsa lumo, ndi mankhwala ochititsa dzanzi akapezeka. Ndinaona ndi maso anga nkhunzi yothyola makola, yothamangitsa amayi kudambo, itasanduka mfule yofatsa yokoka ngolo. Kuyambira pamenepo ndinkalalikira paliponse, pamaliro ndi pamowa pomwe, kuti ukali wa chamoyo chilichonse chachimuna umakhala m'kathumba kamodzi, ndipo mankhwala ake ndimayenda nawo ine. A Msiska akandimva ankangomwetulira n'kumapukuta magalasi.

Pambuyo pa chisankho cha 1994

Ufulu woyankhula unabwera, mankhwala a dibi anapita. Poyamba ankafika mwa apo ndi apo, kenako tinauzidwa kuti alimi azisonkha okha, ndipo mukudziwa mmene kusonkha kumathera. Dibi linasanduka mudzi wa achule. Ng'ombe zina zinafa ndi matenda a nkhupakupa, zina zinawoloka malire ndi akuba osabweranso. Anzanga ambiri a maovolosi anauzidwa kuti akapume kunyumba. Ine ndinali nditayamba kale kunola khasu langa lakale, koma a Msiska atasamutsidwira ku Boma anakaima pamaso pa akuluakulu nati iwo sangagwire ntchito popanda Phiri. Chimenechi sindidzaiwala. Inu amene munafika ku sekondale, dziwani kuti munakafikako chifukwa munthu wa ku Rumphi ameneyo anandinenerera.

Ku ofesi ya ku Boma ndinali chilichonse: kusesa, kutsegula geti, kugwira agalu pa katemera wa chiwewe, kuthena. Galimoto inalipo koma inkakhala pa njerwa miyezi yambiri, ndiye ntchito yonse inkayenda pa njinga ya ofesi, yakuda, ya belu lolira ngati la ku tchalitchi. Katemera amafuna pozizira, koma firiji yathu inali ya palafini, palafiniyo kulibe. Ndinkanyamula timabotolo kukapempha malo m'firiji ya pa golosale, katemera n'kumagona pakati pa zakumwa. Ndi mavuto onsewo sitinadumphitse chaka osabaya agalu. Ine ndinkaima pabwalo la msika n'kulengeza ndi khosi langali, anthu n'kubwera ndi agalu awo kuchokera m'midzi yakutali.

Kugona ndinkagonabe kumudzi kwa amayi anu, a Nabanda, chifukwa ine ndine mkamwini. Nyumba ndinamanga ndine, munda ndinkalima ndine, koma nthaka ndi yawo, ndipo mawu omaliza pa mbumba yonse anali a mchimwene wawo wamkulu, amalume anu a Filimoni. Iwo ntchito yawo inali ya njinga: kunyamula shuga ndi sopo kupita nazo kumalire, kubwerako ndi zitenje za ku Zambia. Tinkakhala monga alamu amakhalira, kunyozana kwambiri koma mowa kumwera chipanda chimodzi. Ine ndinkati iwo ndi bulu wa matayala awiri. Iwo ankati ine ndine mdani wa amuna onse a miyendo inayi.

Chaka cha chisankho chachiwiri, 1999

Ku Boma kunali namwino wochokera ku Mulanje, mayi Chikopa, amene amuna awo anatsalira kum'mwera. Anapatsidwa nyumba m'mphepete mwa msewu wopita kumalire, ndipo asanazolowere n'komwe akuba anawabera mpaka mapoto. Ndiye anagula kamwana ka galu kofiirira, ka mapazi akuluakulu, nakatcha Sajeni. Aneba anawalangiza monga tonse timalangizirana kuno: galu wolondera asaone anthu masana, atsekeredwe m'bokosi la matabwa, ndipo m'chakudya mwake muzisinjiramo mavu kuti aziluma ngati mavuwo. Mayiwo anachita zonse mokhulupirika. Bokosilo analiika kumpanda, chakumsewu, kuti odutsa adziwe kuti muno muli galu. Odutsawo anadziwadi. Apanjinga opita kumalire aliyense ankaliza belu pamenepo, ena kugunda bokosi ndi ndodo, ena ndi chidendene, kuti amve chilombo chikudzimenyetsa m'katimo. Galu anakula akuona dziko pa mpata wa pakati pa matabwa, ndipo chimene ankaona ndi matayala.

Sajeni atakula anayamba kuthyola bokosi n'kumatsata agalu aakazi mpaka ku msika, kubwerako makutu atang'ambika. Mayi Chikopa anabwera ku ofesi atatopa nazo nati, "Bwana, anthu akuti ndimuthenetse, akuti azifatsa." A Msiska anati, "Kuyendayenda asiya, mayi. Ndewu ndi amuna anzake zichepa. Koma ngati pali china chimene anachita kuphunzira, lumo silifikako." Ine ndinali pakhomo ndi tsache, ndipo sindinathe kudzigwira. Ndinati, "Bwana, mungondipatsa ine galuyo. Pakutha mwezi azidzagona ndi anapiye." A Msiska anati, "Gwirani ntchito yanu, a Phiri, tione."

Ntchito ndinaigwira bwino, zimenezo musakayike. Bala linapola popanda mafinya. Ndipo zimene lumo limalonjeza linakwaniritsa: Sajeni anasiya kuyendayenda, ananenepa, ubweya unayamba kuwala, galu wamkazi ankatha kudutsa kumpanda iye osadzutsa n'komwe mutu. Ndinkayenda chifuwa chili patsogolo. Koma mmawa wina mayi Chikopa akutsuka bokosi, chitseko cha mpanda chili chotsegula, pamsewu panalira belu. Sajeni anatuluka ngati muvi. Wapanjingayo anagwa ndi katundu yense, shuga n'kumwazika m'fumbi, galu atamugwira pa katumba. Mwa anthu onse opalasa njinga m'Malawi muno, munthuyo anali amalume anu a Filimoni.

Atawamanga bala kuchipatala anabwera ku ofesi akutsimphina, buluku litang'ambika mpaka m'bondo. Sanalonjere. Anati, "Alamu, ndi ameneyu munkatiuza pamowa kuti mwamusandutsa nkhosa?" Ndinati, "Pepani alamu, mwina nayenso anakuonani ngati bulu." Tsiku limenelo nthabwala sinagwire. Anatembenukira kwa a Msiska nati galuyo afe, apo ayi nkhani ikafika kupolisi. Mayi Chikopa anabwera ndi Sajeni pa unyolo, maso ali ofiira, nati, "Ine ndinabwera kuno kudzachiza anthu, osati kudzawalumitsa. Chitani chimene lamulo likunena, kwathu asabwererenso." Katemera wa chiwewe galuyo anali atabayidwa, womugwira pobayapo ndinali ine, komabe lamulo limati galu woluma munthu amangidwe masiku angapo kuti aonedwe ngati ayambe misala. Masikuwo akatha, popeza mwini wamukana, kumabwera munthu wa mfuti.

Tinamumanga pa mtengo wa mango kuseri kwa ofesi, womudyetsa ndili ine. Chimene chinandizunguza mutu n'chakuti galuyo analibe nane chifukwa. Ine amene ndinamucheka, ankandinyambita m'manja. Anthu oyenda pansi ankadutsa, iye phee. Tsiku lina a Msiska anandiitana nati, "A Phiri, tengani njinga ya ofesi muikankhe cha uko. Musayang'ane mano, muyang'ane kumbuyo kwake." Ndinakankha. Sajeni anadzuka, ubweya unaima, anauwa mpaka thovu kukamwa. Koma mchira unali utalowa pakati pa miyendo, miyendo yakumbuyo ikunjenjemera, ndipo pansi panali patanyowa. A Msiska anati, "Mwaona? Umenewu si ukali, ndi mantha. Moyo wake wonse chinthu cha matayala chimabwera kudzamumenya iye ali potsekeredwa. Inu mwachotsa chimene chinkamutuma kwa akazi. Chimene chimamutuma kwa njinga chili m'mutu, chinalowa ndi kuphunzira. Chingatulukenso ndi kuphunzira, koma ndani ali ndi nthawi imeneyo?" Ndinati, "Nanga mavu aja?" Anati, "Mavu anangomupweteka m'mimba."

Masiku atatha galu ali bwinobwino, ndinapatsidwa khasu kuti ndikumbe dzenje, wamfuti abwera mawa lake. Ndinayamba kukumba pafupi ndi mango womwewo chifukwa ndi pamene panali pofewa. Sajeni anabwera mpaka pamene unyolo unathera, nayamba kundithandiza kufukula ndi miyendo yakutsogolo, mchira ukupukusa. Ana anga, ine ndagwetsa nkhunzi zimene amuna anzanga ankaziopera patali, koma khasu limenelo linandilemera. Ndinaganiza za amalume anu. Mkamwini wolowa m'mudzi ndi galu amene waluma mwinimbumba akhoza kutuluka m'mudzimo iye ndi galu yemwe, mkazi ndi ana n'kutsala. Kenako ndinakwirira dzenjelo n'kulowa mu ofesi ndi dothi kumapazi. "Bwana, wamfuti asabwere. Ndimutenga." A Msiska anavula magalasi. "Mukupita naye kuti?" Ndinati, "Kwathu." Anati, "Kwanu kapena kwa a Filimoni?" Ndinati, "Ndi kumodzi komweko, bwana." Iwo anati, "Khalani pansi ndikuuzeni mmene mukachitire."

Njinga ndinaisiya ku ofesi tsiku limenelo. Tinayenda pansi, ine ndi Sajeni, kudzera m'tinjira ta m'minda kuti tisakumane ndi matayala. Amayi anu anali pakhonde akutong'ola chimanga. Anayang'ana galu, anayang'ana ine, nati, "Bambo a Jenifa, anzanu amabwera ndi ndiwo pa chingwe, inu mwabwera ndi mlandu." Mbiri inafika kwa amalume anu ndisanavule nsapato. Anabwera ndi mpini wa khasu m'manja, akutsimphinabe. "Alamu, m'mudzi muno munabwera ndi bulangete limodzi. Tinakupatsani mkazi, tinakupatsani munda. Lero mwatibweretsera chotidya?" Ine mawu anali atakwera kale pakhosi, ndipo ndikanawatulutsa bwenzi lero mukuwerenga mbiri ina. Amayi anu anandiponda phazi. Anawayalira mphasa achimwene awo, anagwada, nati, "Achimwene, ndifunseko. Pa nyumba ya anesi paja, bokosi lija, inu simunaligundepo?" A Filimoni anati, "Aliyense ankagunda." Amayi anu anati, "Ndikufunsa inu." Iwo anati, "Mwina kamodzi, kawiri, kuseweretsa chabe." Amayi anu anati, "Ndiye nayenso wakuseweretsani kamodzi. Tipatseni mpaka mvula yoyamba. Akadzangoonetsa dzino kwa njinga yanu, ine ndemwe ndidzamugwira kuti mumumenye bwino." Amalume anu anaganiza, kenako anatsamiritsa mpini uja pakhoma la nyumba yanga. "Uwu ukhale pompano, ndisadzavutike kuunyamula."

Malamulo amene a Msiska anandipatsa anali ochepa koma owawa. Bokosi ayi, mavu ayi, ndodo ayi. Galu akhale pa chingwe chachitali pakhonde, aziona anthu. Njinga iziima kutali pamene iye akudya, poti aione koma asaleke kudya, ndipo iziyandikira pang'onopang'ono. Akaiyang'ana n'kukhala chete, apatsidwe kabonya. Lamulo lomaliza ndilo linandipweteka. Anati, "A Phiri, mawu anu muziwasiya ku ofesi. Galu wamantha akamva kukuwa amayesa kuti nanunso mwaona choopsa." Tangoganizani, munthu amene analembedwa ntchito chifukwa cha kukuwa auzidwe kuti azinong'ona. Ndinayesa. Amayi anu ankati kunong'ona kwanga kukumveka ku mjigo. Masabata oyamba woyankhula naye anali iwo, ine n'kumangogwira njinga ngati wantchito wawo. M'kupita kwa nthawi ndinapeza kamawu kena pansi pa chifuwa kamene sindinkadziwa kuti ndili nako, ndipo ndi kameneko ndinamuphunzitsira kukhala pansi ndi kubwera akaitanidwa.

Tinayamba njinga itatsamira pa nkhokwe ya aneba, kenako pa nkhokwe yathu. Kenako ndinaigoneka chagada, matayala m'mwamba, n'kumazunguza gudumu iye akutafuna bonya. Madzulo aliwonse ndikaweruka, Loweruka, Lamulungu tikachoka ku tchalitchi. Anthu ankaima panjira kudzaonerera mkulu wa ndevu akupalasa njinga ndi manja, akunyengerera galu ngati mwana wodwala. Ena ankati ukamwini wandisokoneza mutu. Bonya amene amayi anu ankagula wa ndiwo ankatha msanga, ndipo inu amene munalipo mukukumbuka kuti munadya nkhwani kwambiri, kufikira mayi Chikopa atamva kuti galu wawo ali moyo. Anatentha bokosi lija, nayamba kutitumizira kathumba ka bonya mwezi ukatha. Belu ndilo linavuta. Tinalikulunga ndi chiguduli kuti lizilira mobanika, n'kumamasula pang'onopang'ono. Tsiku lina akatekisiti anadutsa mothamanga akuliza belu potilonjera, Sajeni analumpha mpaka chingwe chinamugwetsa. Ine mawu akale anatuluka okha. Galu anakalowa pansi pa nkhokwe osatuluka mpaka mawa lake, ndipo ntchito ya mwezi wathunthu inagwa. Nditawauza a Msiska anati, "Zimatero. Bwererani pamene ankadya bwinobwino, muyambire pamenepo."

Mvula yoyamba itagwa, mmawa mwake nthaka ikununkhirabe, tinamva belu kuchokera kutali. Amalume anu analowa pabwalo langa atamanga katundu ngati akupita kumalire, akuliza belu osalekeza. Anazungulira nyumba, anazunguliranso, kudutsa pamphuno pa galu. Chingwe ndinali nditamumasula, chifukwa ndinadziwa kuti akanati chamugwira ndi chingwe. Sajeni anaimirira, ubweya wa pamsana unadzuka, ndinamva kulira kwa m'khosi kukuyamba. Mpini unali pakhoma pomwe paja. Ndinatsitsa mawu mpaka pansi n'kuti, "Sajeni, khala." Anandiyang'ana, anayang'ana njinga, kenako anakhala, thupi lonse likunjenjemera. A Filimoni anaima, anapinda buluku, natsitsa mwendo wa chipsera uja pafupi ndi pakamwa pake penipeni. Galu anaununkhiza nthawi yaitali, kenako anadzuka n'kupita kwa amayi anu kukafuna bonya wake. Amalume anu anati, "Mwamukhutitsa dala. Ndibweranso mawa asanadye." Anabweradi, ndi mkuja womwe. Zoti mlandu watha sananene, mwinimbumba sanena zotere kwa mkamwini. Tinangoona tsiku lina kuti mpini uja pakhoma palibe, uli pa khasu lawo kumunda.

Pambuyo pake anthu ankandifunsa pa katemera kuti chabwino n'chiti, kuthena kapena kuphunzitsa. Ine lumo sindinalitaye ndipo sindilinyoza. Galu woyendayenda, wobwera ndi mabala ndi matenda, muthenetseni, mudzandithokoza. Sajeni akanakhala wosathena sakanakhazikika pakhomo kuti aphunzire kanthu, bwenzi ali ku msika. Koma galu woluma chifukwa cha mantha, ngakhale mumuthene bwino chotani, alumabe. Pamenepo pamafunika bonya, kuleza mtima, ndi mkazi wanzeru. Ndinayambanso kulengeza pabwalo la msika za kuipa kwa mabokosi ndi mavu, ndipo pa nkhani imeneyo mawu anga akale ndinawatulutsa onse.

Chaka cha njala, 2002

A Msiska anali atapuma n'kubwerera kwawo, ine ndikadali pa ntchito. Njala ya chaka chimenecho simufunika kuuzidwa. Madeya amene tinkaphikira agalu anasanduka chakudya cha anthu. M'mudzi mwathu agalu ambiri anafa, ena eni ake anawathamangitsa. Sajeni anaonda mpaka nthiti zonse kuonekera, ndipo ine sindikanatha kuchotsa chakudya pakamwa panu kuti ndipatse galu. Ndinkamuyang'ana, iye n'kumandiyang'ana. Nthawi imeneyo amalume anu anali atasiya shuga, ankapalasa kupita m'midzi ya kumalire kukasaka chimanga, ndipo m'njira za m'tchire anthu anjala ankagwetsa apanjinga n'kuwalanda matumba. Amalume anunso analandidwa, anabwera ndi njinga yokha ndi chotupa pamphumi.

Mmawa wina anafika pakhomo panga akukankha njinga, osaliza belu. Anakhala pa mpando, anafunsa mmene tadzukira, anakamba za mvula, za maliro a kutsidya, kuzungulira ngati munthu wodzafunsira mbeta. Kenako anati, "Alamu, mfule wanu uja akuchita chiyani masiku ano?" Ndinati, "Akudikira kufa, monga tonsefe." Anati, "Mundibwereke. Anthu akaona galu wamkulu pambali pa njinga sayandikira msanga." Amayi anu anati, "Achimwene, ndi yemwe uja anakudyani." Iwo anati, "Mwendo uwu anaulawa kale, akudziwa kuti mulibe mafuta." Ndinati, "Nanga adya chiyani panjira? Taonani nthitizo." Anamasula kampango mmene munali mbatata yootcha, kamba wawo wa tsiku lonse. Anainyema pakati, theka n'kumuponyera. Kenako anakwera njinga, natsitsa mawu monga ankandionera ine, nati, "Sajeni, bwera." Galu anandiyang'ana, ine ndinamulozera njinga, ndipo anatsata tayala lakumbuyo akudzandira pang'ono, mpaka anakhota pa mjigo.

Anabwerako ndi chimanga chonse, ndipo maulendo otsatira palibe anawagwiranso. Sajeni sanalume munthu, kuima kwake kokha kunkakwana. Chimanga chimenecho ndicho mbumba yonse inapulumukira, inu nomwe. Galuyo anadya pa dzanja la amalume anu njala yonse, ndipo njala itatha sanamubweze. Ndikawafunsa ankati, "Ndikadamubwerekabe, alamu." Anakalambira pakhonde pawo akugona pansi pa njinga, nafera pomwepo ine nditapuma kale pa ntchito.

Ndimathokoza Mulungu chifukwa cha a Msiska kulikonse kumene ali, ndi chifukwa cha amayi anu. Lero mukapita kwa amalume anu adzakuuzani kuti galu ameneyo anamuphunzitsa ndi iwo kuyambira pachiyambi, ndipo adzapinda buluku kukuonetsani umboni. Musawatsutse, ndi eni mbumba, ndiponso mbatata ija inali yawo. Muzingoti inde amalume. Koma inu mwawerenga.